Nyenyezi Yosaumitsa Ufa

Lachiwiri lapitali, titangotha kudya chamadzulo, ine ndinaberedwa nyenyezi. Musabwereze kuwerenga, mwawerenga bwino. Wakubayo ndi mkamwini mnzanga, a Lameki Mwale, ndipo anandibera mudzi wonse ukupenya, amayi ena mpaka kuimba nthungululu.

Ndikudziwa kuti mphunzitsi akapatsidwa tsamba lino mumayembekeza kuti alembe za ukhondo wa pachitsime, kapena za ana othawa sukulu nthawi yolima. Sabata ino mundikhululukire. Mtima wanga wadzaza nsanje, ndipo ndikayesa kulemba za chitsime ndingokunamizani.

Ndiyambe ndakuuzani mmene tikhalira. Ine kwathu ndi ku Sinda, koma ndinakwatira kuno kufupi ndi mtsinje wa Katete, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinabwera kudzakhala kwao kwa mkazi wanga Marita. Ndakhalitsa, moti mwana wathu woyamba, Esitere, amatunga kale madzi yekha. Mmawa ndimalima, masana ndimaphunzitsa pa kasukulu ka mishoni. Apongozi anga, a Nabanda, ndi mayi wamasiye wa ana aakazi atatu. Wamkulu ndiye Marita. Mwamuna wa wachiwiri anapita ku Halale kukafuna ya msonkho, ndipo mpaka lero tikumudikira. Wotsiriza ndi Lute, amene anakwatiwa chaka chathachi ndi a Mwale aja, telala wochokera ku Vubwi, kumalire a Apwitikizi.

Tsono nkhani yagona apa. Amayi anga ku Sinda akalamba, ndipo maso awo achita ng'ala. Mlongo wanga amene ankawasunga anatengedwa ndi chimfine chija chinapulula anthu itangotha nkhondo. Chiyambire pamenepo amakhala okha, kudalira ana a eni kuti awatungire madzi. Chaka chino ndinatuma ankhoswe anga kwa atsibweni a Marita, a Zakeyu, amene ndi mlongo wa apongozi ndiponso mwini mbumba. Ndinapempha chitengwa, kuti andilole nditenge mkazi wanga ndi ana tikakhale ku Sinda.

Mwezi usanathe, a Mwale nawo anatuma awo ankhoswe. Ati kuno kulibe anthu osoketsa, ku Vubwi ndiye kumadutsa amalonda. Munthu wa dzulodzulo, mphasa ya ukwati wake ikadanunkha bango!

A Zakeyu anayankha mwachidule. Mudzi sungatsale wopanda mkamwini, chifukwa munda wa mlongo wawo ndi wa mwana wosiyidwa uja ikufuna khasu la mwamuna. Mmodzi apita, wina atsala, ndipo iwo adzatchula wopitayo mvula isanagwe.

A Mwale ndi munthu wooneka bwino, zimenezo sindingakane ngakhale zikundiwawa. Ali ndi njinga. Ali ndi makina osokera amene anabwera nawo ku Halale. Ali ndi jekete loyera lomwe Lute amalichapa ndi buluu Loweruka lililonse. Khasu amaligwira ngati akuopa kulipweteka. Koma pakamwa! Akhoza kukusimbirani mmene anagulira singano, inu n'kuiwala kuti mbuzi zalowa m'dimba.

Chimene chimandidya kwambiri ndi ichi. Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake sapenyana. Ine ndinaleredwa choncho, ndipo mwambowo ndausunga kuposa mmene ndasungira malamulo ena a mpingo. Ndikaona a Nabanda akubwera m'njira ndimalumphira patchire, moti chitedze chonse cha njira ya kudambo chimandidziwa. Mawu anga amawamva kudzera mwa Marita, nanenso awo ndimawamva kudzera mwa Marita. Ndinkayesa kuti ulemu umenewu ukuwerengedwa kwinakwake.

A Mwale anangofika, n'kupereka nkhuku, n'kusokera apongozi bulauzi, n'kunena kuti kwao manyazi amathetsa msanga. Basi, manyazi n'kutheradi. Lero amakhala pakhonde la a Nabanda atasanjika miyendo, nkhani zili pakati. Akulu anati mkamwini asamakule mwendo, koma wa awa wafika mpaka pakhomo pa apongozi, ndipo wodandaula ndine ndekha.

Mudzati, nanga iwe osapereka nkhuku yako bwanji? Ndinaganizapo. Koma munthu wathawa apongozi zaka zonsezi angayambe bwanji lero kuwayang'ana m'maso, osaoneka kuti akutsanzira mwana?

Tsopano za nyenyezi. Chilimwe chino, pa sukulu ya aphunzitsi imene timasonkhanira chaka ndi chaka ku mishoni, kunagona mzungu wina woyeza malo. Anali ndi galasi lalitali loonera kutali, loima pa miyendo itatu. Tsiku lina anatidzutsa mbandakucha n'kutiimika pamzere kuti aliyense aikepo diso.

Nonse mumawadziwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana. Azungu amati zitatuzo ndi lamba wa chimunthu china chosaka nyama, dzina lake Oriyoni, chomwe kuno kwathu chimaima chadodolido. Mbali imodzi ya lambayo kuli nyenyezi yofiira, ndiyo phewa lake. Mbali inayo kuli ina yoyera mobiriwira, yowala kuposa zonse za m'gululo, ndiyo phazi lake. Imeneyo amaitcha Rijelo, ndipo ndi imene ndinaberedwa.

Ine ndinkayesa kuti yofiirayo ndiyo yotentha, poti moto ndi wofiira. Mzunguyo anatifunsa ngati tinaimapo pa chipala. Chitsulo chikayamba kupsa chimafiira, wosula akalimbikira mvukuto chimachita chikasu, kenako chimayera, ndipo pamenepo ndiye chatenthetsa. Kupyola kuyerako, anatero, ndiye kubiriwira. Motero yofiira ija moto wake ndi wofooka kuposa wa dzuwa lathu, pamene wa Rijelo uposa wa dzuwa kutalitali.

Anatiuzanso kuti nyenyeziyo ndi dzuwa, koma la mtundu wa ziphona. Lathuli mutaliika pambali pake lingaoneke ngati kanjere ka mapira pambali pa dzungu, ndipo kuti mupeze kuwala kwake muyenera kuunjika madzuwa zikwi ndi zikwi. Imaoneka ngati kadontho chifukwa cha kutalikira basi. Kuwala kumene kunalowa m'diso langa mmawa umenewo kunanyamuka kumeneko Angoni asanawoloke Zambezi, agogo a agogo athu asanabadwe.

Ananenanso kuti nyenyezi zotere zimamwaza moto wake mosaumira, choncho odziwa amaganiza kuti sizikhalitsa monga zinzake zofatsa. Koma chimene chinandigwira mtima ndinachiona ndekha m'galasimo. Pambali penipeni pa Rijelo pali kanyenyezi kena. Nakonso, akuti, n'kowala kuposa dzuwa lathu, koma palibe munthu anakaonapo ndi maso okha, chifukwa kuwala kwa mnzakeyo kumakameza. Ndinakayang'ana nthawi yaitali kanyenyeziko, mpaka mphunzitsi wa kumbuyo kwanga anandikoka malaya.

Nzeru imeneyi ndinabwera nayo kumudzi n'kuisunga ngati mbewu. Ndinkafuna ndidzaitulutse tsiku limene makolo amabwera kudzaona sukulu, apongozi ali kunja kwa zenera akumva. Koma Lolemba kusanache, tikupita kukagalauza mizere m'munda wa a Nabanda, a Mwale anayamba kusimba za magetsi a ku Halale, ndipo ine sindinapirire. Akamwiniatsatana anali atapendekera kumadzulo. Ndinaima, n'kuloza ndi mpini wa khasu, n'kukhuthula zonse, chipala, dzungu, Angoni, mpaka kanyenyezi kobisika kaja. Ndinafuna adziwe kuti zowala zina sizigulidwa m'sitolo ya Mmwenye.

“Akulu, inu mudaona ndi diso lanu zimenezi?” anafunsa.

“Ndi ili,” ndinatero, ndikuloza la kumanja.

“Ha! Mutu wanu ngolemera, akulu. Tabwerezani pa dzungu paja.”

Ndinabwereza. Ndinabwereza mokondwa, inu!

Mawa lake madzulo kunatentha moti palibe analowa m'nyumba msanga. Anthu anayala mphasa pabwalo la a Nabanda, a Zakeyu nawo anabwera ndi kampando kawo. Ine, poti apongozi anali pomwepo, ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, malo anga a masiku onse, ndikusema mpini. Akamwiniatsatana atangotulukira pamwamba pa mitengo ya kummawa, ndinamva a Mwale akukonza kukhosi.

“Amai, mukuiona iyo yoyera ngati jekete langali? Mukuyesa n'kadontho? Iyayi, amai. Limenelo ndi dzuwa, tate wake wa madzuwa onse. Lathuli pamenepo ndi kamapira, ilo ndi dzungu la pachulu!”

“Aa, a Mwale, bodza!” anaseka apongozi. Kuseka kumeneko ine ndakhala pamudzi pano zaka zonsezi osakuyambitsapo.

“Ndikadafuna kunama ndikadanena zazing'ono, amai. Moto wake wabiriwira chifukwa chopsetsa, mukafunse wosula aliyense. Ndipo kuwala mukuonaku kudanyamuka kalekale, Angoni akadali kutsidya kwa Zambezi. Kwakhala kukubwera, kukubwera, osagona panjira, kuti kudzagwere m'maso mwa a Nabanda lero lino.”

Pamenepo ndiye nthungululu. A Zakeyu anafunsa kuti, “Mudazidziwa bwanji zimenezi, mkamwini?”

“Kuyenda, atsibweni. Munthu ukayenda umaona zinthu.”

Kuyenda! Ulendo wake unali wochokera pakhomo panga kukafika kumunda. Ndinadikira kuti atchule dzina langa, osalitchula. Ndinadikira kuti Marita anene kanthu, koma Marita anali atayasama ngati ena onse, chifukwa ngakhale iyeyo ndinali ndisanamuuze. Za kanyenyezi kobisika a Mwale sananeneko n'komwe. Kaya anakaiwala, kaya anakasiya dala, sindidziwa.

Mukufunsa kuti bwanji sindinatuluke? Ndikanatuluka bwanji apongozi ali pamphasa? Ndinakhala kuseriko, mpini uli m'manja, ndikumva anthu akuyamikira wina chifukwa cha nyenyezi yanga. Choipitsitsa n'chakuti anaifotokoza bwino kuposa ine. Ine ndikanayamba ndi dzina la Chizungu, anthu n'kuyamba kuodzera.

Kutacha ndinawafunsa kumunda. Ndinati, a Mwale, munthu ukabwereka nkhwangwa umanena mwini wake.

“Akulu, nyenyezi ili ndi mwini?” anayankha akuseka, atatsamira khasu. “Inu mudamva kwa mzungu, mzungu adamva kwa mnzake. Ine ndangosangalatsa amai. Kapena ndikadati, amai, funsani aja ali kuseri kwa nkhokwe?”

Ine ndinangolima mizere iwiri pamene iwo ankalimbana ndi umodzi. Pobwerera ndinakumana ndi a Zakeyu, amene anandiimitsa ndi mtima wabwino ndithu. Anati, “Aphunzitsi, mupeze nthawi mukhale pansi ndi a Mwale, akuuzeni za nyenyezi ija. Zingathandize ana kusukulu kwanuko.” Ndinathokoza, ndipo mpaka pano sindidziwa kuti mawu othokozawo anatulukira pati.

Owerenga anzanga, nsanje timaiyesa matenda a akazi a mitala. Timawaseka akamawerengerana nsalu ndi masiku. Koma tiyeni tinene zoona. Ilipo nsanje yoposa ya akamwini awiri a mudzi umodzi? Akazi a mitala amatukwanizana poyera, n'kutha. Ife amuna timapatsana moni mwaulemu, timabwerekana nkhwangwa, kenako pogona aliyense amafunsa mkazi wake kuti mbale ya mnzake inali ndi nthuli zingati.

Makolo athu ankatidziwa. Anayang'ana kumwamba, n'kuona nyenyezi zitatu zoyenda pamzere, palibe yopitirira inzake, palibe yopatuka kupita kwao, n'kunena kuti amenewa ndi akamwini. Sanati abale, sanati mabwenzi. Ankadziwa kuti wakumbuyo amayang'ana msana wa wakutsogolo, kuyesa ngati watuluka thukuta lokwanira.

Nafenso aphunzitsi tili momwemo. Mnzathu akayamikidwa ndi woyendera sukulu, timati anachita mwayi wa ana anzeru. Akapatsidwa sukulu yapafupi ndi mishoni, timati amadziwa kunyamulira mzungu chikwama. Lamulungu timalalikira motsutsa kaduka, ndi mawu okoma ndithu, maso ali pa nsapato za mlaliki mnzathu.

Koma nanunso eni midzi muli ndi mlandu. Munthu mumamuyesa ndi makutu. Amene akufolera denga lanu ali pamwamba, nkhope yake simuiona. Amene wakhala pansi n'kumakuuzani kuti denga lakoma ndiye amalandira chikho choyamba cha thobwa. Nanga mkamwini wosunga mwambo, amene mwambo womwewo wamutseka pakamwa, mumamuyesa ndi chiyani? Mumadziwa n'komwe mmene mawu ake amamvekera?

Ndinayesa kudzitonthoza. Ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinakumbukiranso kuti nyenyezi zowalitsa sizikhalitsa, mtima n'kutsikako pang'ono. Kenako ndinakumbukira kuti tsiku lija ndinafunsa mzungu kuti nanga Rijelo idzazima liti, iye n'kuseka, n'kunena kuti zidzukulu za zidzukulu zanga zidzaipeza ikuwalabe. Mtima unakweranso.

Lachinayi masana, ndisanapite kukaliza chitsulo cha sukulu, ndinapeza Marita akuyanika ufa pamphasa kuseri kwa nyumba. Dzuwa linali lija loswa mtengo. Kutsidya kwa mpanda wa udzu ndinamva kutsokomola kumene ndimakudziwa bwino, chifukwa ndi kumene kumandichenjeza kuti ndipatuke panjira. Apongozi anali pomwepo, akuswa mtedza wa mbewu. Mkamwini sayankhula ndi apongozi ake, koma palibe mwambo woletsa munthu kuyankhula ndi mkazi wake mokweza.

“Amake Esitere,” ndinatero ndi mawu anga a m'kalasi, “ufawu chikuumitsa n'chiyani?”

“Mwayamba misala? Si dzuwa ili?”

“Eya. Bwanji osadikira madzulo, muuyanike pa nyenyezi ya a Mwale? Si paja ndi tate wake wa madzuwa?”

“Tsitsani mawu, inu,” ananong'ona, akuloza mpanda ndi mlomo.

Ndinakweza. “Ikhale yaikulu ngati dzungu, ikhale ya buluu ngati jekete, nyenyezi imeneyo sidaumitsepo ufa ngakhale wodzaza chikhatho. Sidakhwimitsepo chimanga. Dzuwa ndi laling'ono, eya, palibe amaliombera m'manja, koma ndi limene lili pafupi. Nkhokwe za pamudzi pano adaluka ndani? Denga la amai adafolera ndani? Nguluwe zitalowa m'dimba adagona kumeneko ndani? Nanga munda wa alamu anga osiyidwawa, amalima ndi makina osokera?”

 Kutsidya kwa mpanda mtedza unasiya kuthetheka. Ndinapita kusukulu mapewa ali m'mwamba, ndipo tsiku limenelo ana anaimba a e i o u mpaka mbuzi kuthawa.

Dzulo a Zakeyu anatiitana tonse awiri, aliyense ndi ankhoswe ake, pansi pa mtengo wa msekese. A Nabanda anakhala chapatali, atandifulatira monga mwa mwambo. A Mwale anabwera ndi jekete. Ine ndinabwera ndi mtima wa munthu wopambana kale.

“Aphunzitsi,” anayamba a Zakeyu, “mlongo wanga adamva mawu anu a pa ufa paja. Akuti ndikuthokozeni. Akuti adali asadaganize bwino, koma inu mwamutsegula m'maso. Zonse mudanena n'zoona, palibe n'chimodzi chomwe chabodza.”

Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, kuti a Mwale aone mmene munthu amalandirira ulemu.

“Tsono akuti nyenyezi ipite. Ikawale ku Vubwi, ife tizimva mbiri yake patali, sitidzasowa kanthu. Koma dzuwa ndiye toto. Mudzi ungapereke bwanji dzuwa lake?”

Ankhoswe anga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nyerere. A Mwale anawomba m'manja mwaulemu, kenako anatembenukira kwa ine, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti nkhope yawo inali ya chisoni chenicheni. Anati, “Akulu, pepani. Ine ndimayesa mupita ndinu.”

Titafika kunyumba Marita anakhala pansi n'kuyamba kupeta nyemba zopetapeta kale. Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanakweza.

“Nawonso amai amayesa kuti tipita ndife,” anatero. “Sabata yatha adandiuza kumtondo kuti chaka chino n'chathu. Adati bambo wa Esitere watumikira mokwana, apite akaone amake.”

“Nanga osandiuza bwanji?”

“Nkhani ya chitengwa imatuluka m'kamwa mwa mkazi atsibweni asadanene? Ndimadikira anene okha. Ndiye inu mwaima pampanda kuwawerengera nkhokwe, denga, nguluwe. Amai sadagone, kumangoti, tsono zonsezi adzachita ndani? Ine ndidakuuzani kuti tsitsani mawu.”

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Ine sindinayende n'komwe. Mlomo unandipeza nditaima kuseri kwa nyumba yanga yomwe.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndaphunzira, nsanje yatha. Ayi ndithu. Ikadalipo, ndipo yanenepa. Mmawa uno ndaona Lute akulongedza miphika m'dengu, a Mwale akupopa njinga uku akuimba mluzu, ndipo ndinalakalaka tayala litaphulika. Munthu wagwira khasu dzinja limodzi, mosaligwiritsa n'komwe, akupita kwao ndi mkazi wake. Ine ndapatsidwa dzina labwino.

A Nabanda sindiwada. Ndi mayi wamasiye wa ana aakazi okhaokha, ndipo achita zimene mayi aliyense akanachita atakumbutsidwa za mvula ndi denga. Wowakumbutsayo ndine. Koma akulu a mpingo ndi inu eni mbumba, ndikufunseni. Ngati mkamwini waulesi ndiye amamasulidwa msanga poti palibe chomusungira, ndipo wolimbika amamangidwa ndi kulimbika kwake komwe, anyamata amene akukwatira chaka chino tiwalangize chiyani? Tiwauze kuti azifolera mokhota? Azisiya nguluwe zidye? Mkamwini naye anabadwa kwa mkazi, ndipo kwinakwake kuli nyumba yodontha imene ikudikira manja omwewo.

Masana ano kwadutsa munthu wa kwathu, wogulitsa fodya, ali ndi uthenga wochokera ku Sinda. Akuti amayi anamva kuti ankhoswe anayenda, ndipo yankho sanalidikire. Anapempha anthu a mpingo kuti awamangire kanyumba pambali pa yawo. Pansi pake azira okha, chokwawa, akupapasa ndi manja poti maso saona. Anamutumanso kuti afunse ngati Esitere watalika kufika pa chiuno kapena pa phewa, kuti adziwe mtsuko womusungira.

Lolemba ndinyamuka wapansi kukawayankha, ana a sukulu apume. Njira ya ku Sinda ndi yaitali mokwanira kuti munthu akonze mawu, koma ndayamba kale kuwafuna ndipo sakubwera. A Mwale akanadziwa poyambira.

Inu amene mumawerenga tsamba lino, ndithandizeni. Mayi wosaona, amene wazira nyumba ndi manja ake, umamuuza bwanji kuti mwana wake sabwera chifukwa eni ake amuyamikira?